Banja Latha, Nanga Unzika wa ku America? Malangizo kwa Amene Analandira Green Card Kudzera mu Ukwati

Mkangano ukafika pachimake m'nyumba ya anthu awiri, wina nzika ya America wina wobwera, pali mawu amene sachedwa kutuluka: "Ndine ndinakubweretsa kuno, ndikubweza kwanu." Amene akuwamvayo nthawi zambiri sadziwa ngati ndi zoona kapena n'kungoopseza, ndipo ena amapirira m'banja lowawa zaka ndi zaka chifukwa cha mawu amenewa basi. Mwamuna kapena mkazi wanu alibe mphamvu yolanda green card yanu, khadi ya chilolezo chokhala ku America mokhazikika. Mphamvu imeneyo ili m'manja mwa boma, kudzera ku bungwe la USCIS, loona za zilolezo zokhala m'dziko ndi unzika, ndi kwa woweruza wa khoti loona za anthu olowa m'dziko. Chimene chisudzulo chimasintha ndi kutalika kwa nthawi imene mudikire musanapemphe unzika, komanso kuchuluka kwa umboni umene mudzafunika kuonetsa kuti ukwati wanuwo unali weniweni. Kodi zisintha kwambiri bwanji? Zikudalira pamene mwafika, ndiye tiyambire pomwepo.

Choyamba: tulutsani khadi m'chikwama muione bwinobwino

Kumaso kwa green card kuli malo atatu ofunika. Pamene palembedwa "Resident Since" pali tsiku limene munayamba kuwerengedwa kuti ndinu wokhazikika m'dzikomo. Pamene palembedwa "Card Expires" pali tsiku lothera khadi. Pamene palembedwa "Category" pali zilembo ndi nambala. Mukaona CR1 kapena CR6, khadi yanu ndi ya zaka 2, yoyembekezera, imene amapatsa munthu ngati ukwati wake unali usanakwane zaka 2 pa tsiku lolandira chilolezo. Mukaona IR1 kapena IR6, khadi ndi ya zaka 10. Lembani masiku awiriwo papepala, chifukwa masamu onse a m'munsimu akuchokera pamenepo.

Amene ali ndi khadi ya zaka 10 apume kaye. Chisudzulo pachokha sichichotsa chilolezo chanu, ndipo khadi ikatha mumaikonzanso ndi fomu I-90 popanda siginecha ya wina aliyense.

Amene khadi sanalandire n'komwe, mafomu opemphera khadiyo, I-130 ndi I-485, akadali ku USCIS, nkhani yawo ndi yolemera. Pempho lonse laimirira pa ukwati, choncho ukwati ukatha nalonso limagwa, ndipo mnzanuyo akhoza kulibweza yekha lisanavomerezedwe. Khomo lotsala lodziwika bwino ndi la amene achitiridwa nkhanza. Lamulo la VAWA (Violence Against Women Act, lolimbana ndi nkhanza kwa akazi), la mu 1994, limalola munthu wotere kudzipemphera yekha ndi fomu I-360. Ngakhale dzina la lamuloli limatchula akazi, amuna nawonso limawateteza. Mukhoza kupempha ngakhale mutasudzulana kale, bola pasanathe zaka 2 chisudzulireni ndipo chisudzulocho chikhale chokhudzana ndi nkhanzazo. USCIS siloledwa kuuza wankhanzayo kuti mwapempha. Ngati muli pa chiopsezo pakali pano, foni yothandiza ochitiridwa nkhanza za m'banja, National Domestic Violence Hotline, imayankhidwa usana ndi usiku pa 1-800-799-7233.

Chachiwiri: sonkhanitsani umboni musanatuluke m'nyumba

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka okha. Munthu akakwiya amafufuta zithunzi zonse pa foni, amatseka akaunti ya ku banki ya awiri, amang'amba makalata, n'kunyamula zovala zokha. Patapita chaka ndi theka, ofesala wa USCIS akumufunsa kuti aonetse kuti ankakhaladi nyumba imodzi ndi mnzakeyo, iye ali chimanjamanja. Mapepala ali kwa munthu amene masiku ano sayankha foni.

Ofesala safuna kudziwa ngati munkakondana kwambiri. Chikondi sachiona. Amaona zizindikiro za anthu awiri amene anaphatikiza moyo wawo: pangano la lendi kapena la ngongole ya nyumba lokhala ndi mayina onse awiri, masitetimenti a akaunti ya awiri osonyeza kuti ndalama zinkalowadi ndi kutuluka mwezi ndi mwezi, mapepala a msonkho amene munadzaza limodzi, inshuwalansi ya kuchipatala kapena ya galimoto yotchula nonse, mabilu a magetsi ndi madzi obwera pa adiresi imodzi, zikalata za kubadwa kwa ana. Kenako zithunzi, matikiti a maulendo, mauthenga a pa foni. Akaunti ya awiri imene munaikamo madola 50 n'kuiiwala siyankhula chilichonse. Sitetimenti yoonetsa lendi, golosale ndi bilu ya dokotala wa mano imayankhula kwambiri.

Musataye umboni wa nyengo yovuta. Makalata a kwa mlangizi wa mabanja, mauthenga opepesana pambuyo pa mkangano, imelo imene munalembera mlamu wanu kumupempha kuti akuyanjanitseni, zonsezi n'zamtengo wapatali. Anthu amene anakwatirana chifukwa cha mapepala salipira mlangizi kuti apulumutse banja.

Jambulani chilichonse ndi foni, musunge pa akaunti ya pa intaneti imene mnzanuyo sadziwa mawu ake achinsinsi. Sinthani mawu achinsinsi a imelo yanu ndi a akaunti yanu ya USCIS. Mbiri ya msonkho wanu mukhoza kuitenga nokha kwaulere ku IRS, bungwe la boma lotolera misonkho. Koma musathyole foni kapena imelo ya mnzanuyo pofuna umboni, chifukwa mukhoza kudziputira mlandu wina. Ndipo ngati m'nyumbamo muli nkhanza, tulukani kaye. Banki, mwini nyumba ndi kampani ya inshuwalansi akhoza kukupatsani makope pambuyo pake.

Ganiziraninso anthu awiri kapena kuposa amene anakuonani muli banja ndipo angavomere kulemba umboni wolumbirira. Wachibale wa mnzanuyo akavomera, umboni wake umalemera kuposa wa bwenzi lanu la pamtima.

Chachitatu: mukasamuka, uzani USCIS pasanathe masiku 10

Ili ndi lamulo, ndipo limachitika ndi fomu AR-11 kapena kudzera pa akaunti yanu ya USCIS. Kusintha adiresi ku positi ofesi sikukwanira. Kalata yokuitanani ku intavyu ikagwera m'bokosi la nyumba yakale, mwaika tsogolo lanu m'manja mwa munthu amene mukukangana naye.

Chachinayi: ngati khadi ndi ya zaka 2, konzani kaye za I-751

Khadi yoyembekezerayi inabwera ndi lamulo la mu 1986 lothana ndi maukwati achinyengo. Mwa nthawi zonse, mwamuna ndi mkazi amasainira limodzi fomu I-751 m'masiku 90 omaliza khadi isanathe, kupempha kuti chilolezo chikhale chokhazikika. Osatumiza fomuyi, chilolezo chimatha chokha ndipo boma likhoza kuyamba mlandu wokuchotsani m'dziko. Unzika simungaupeze I-751 isanavomerezedwe.

Banja likatha, mumatumiza fomu yomweyo nokha, n'kupempha chimene maloya amati waiver, kutanthauza kuti akukhululukireni lamulo losainira awiri. Zifukwa zovomerezeka ndi izi: munalowa m'banja ndi mtima woona koma latha ndi chisudzulo, mnzanuyo anamwalira, inu kapena mwana wanu munachitiridwa nkhanza, kapena kubwezedwa kwanu kungakubweretsereni mavuto aakulu zedi. Mukhoza kuchonga zifukwa zingapo pa fomu imodzi ngati zikukukhudzani. Pempho lotere silidikira masiku 90 aja, mukhoza kulitumiza nthawi iliyonse, koma nzeru ndi kutumiza khadi isanathe kuti musakhale ndi mpata wopanda pepala loonetsa kuntchito.

Vuto lenileni ndi nthawi. Waiver ya chisudzulo imafuna chikalata chomaliza cha khoti, osati umboni wakuti mlandu unayamba. Koma chisudzulo ku America chimayendera malamulo a chigawo chilichonse, ndipo makhoti sathamangira tsiku la khadi yanu. Ku California, mwachitsanzo, banja silingathe mwalamulo pasanapite miyezi 6 kuchokera pamene winayo walandira mapepala, ngakhale nonse mutagwirizana pa chilichonse. Ndiye mungatani khadi ikutha mlandu uli m'khoti? Tumizani I-751 limodzi ndi umboni wakuti chisudzulo chili m'kati. USCIS imatumiza kalata yopempha umboni wowonjezera, ndipo imapereka masiku 87 kuti mubweretse chikalata chomaliza. Kalatayo ikafika, ionetseni kwa loya wa chisudzulo tsiku lomwelo, kuti adziwe kuti pali wotchi ina imene ikuyenda.

Ngati munatumiza kale I-751 muli awiri kenako banja n'kutha isanayankhidwe, musakhale chete poganiza kuti sadziwa. Lemberani USCIS, mutumize chikalata cha chisudzulo, mupemphe kuti pempholo alisinthe likhale la waiver. Kuvomerezedwa pa pempho la awiri pamene banja linatha kale ndi msampha umene umadzafwamphuka pa intavyu ya unzika.

Ngati mwangopatukana koma simunasudzulane, ndipo mnzanuyo akulola kusaina ndi kubwera ku intavyu, pempho la awiri likadali lotheka. Nenani zoona kuti mukukhala kosiyana.

Pamodzi ndi fomu, lembani kalata yanu yofotokoza mbiri ya banjalo: munakumana bwanji, munkakhala kuti, ndani ankalipira chiyani, zinayamba kusokonekera liti. Musakongoletse ndipo musanyoze. Kaya ndinu munachoka panyumba kapena ndinu munakasuma ku khoti, si chimene chimagwetsa pempho. Funso la USCIS ndi lakuti: pa tsiku la ukwati, cholinga chanu chinali kumanga banja kapena kupeza khadi?

Pa chifukwa chimenechi, werengani mawu onse a pa mapepala a khoti musanasaine. Mnzanu wokwiya akhoza kupempha kuti khoti lifafanize ukwatiwo ngati kuti sunakhalepo, ponena kuti munamunamiza pofuna mapepala. Mukasaina pongofuna kuti zithe msanga, mwavomereza ndi dzanja lanu mawu amene angakutsekereni khomo mpaka kalekale, chifukwa munthu amene wapezeka kuti anachita ukwati wachinyengo saloledwanso kupempheredwa ndi wina aliyense.

Kuyambira pa 1 Epulo 2024, malipiro a I-751 anali madola 750, ndipo opempha pa chifukwa cha nkhanza salipira. Mitengo imasintha, choncho onani pa webusaiti ya USCIS tsiku lotumiza. Mukatumiza mumalandira lisiti imene imawonjezera moyo wa khadi yanu ndi miyezi 48. Yendani nayo limodzi ndi khadi yakaleyo. Pempho likakanidwa, nkhani imapita kwa woweruza wa za olowa m'dziko, amene amaiunikanso, ndipo kumeneko musapite opanda loya.

Chachisanu: werengeraninso tsiku lopempha unzika

Lamulo la aliyense ndi lakuti munthu amapempha unzika, ndi fomu N-400, atakhala ndi green card zaka 5. Okwatirana ndi nzika ali ndi njira yachidule ya zaka 3, koma ili ndi zingwe zake. Muyenera kukhala ndi green card zaka 3, kukhala m'nyumba imodzi monga banja ndi mnzanu yemweyo zaka 3 zonsezo mpaka tsiku lotumiza fomu, iyeyo akhale kuti anali nzika nthawi yonseyo, ndipo ukwati ukhalepobe mpaka tsiku lolumbira. Mvetsani bwino pamenepa: osati tsiku lotumiza fomu, osati tsiku la intavyu, koma tsiku limene mwakweza dzanja n'kulumbira. Chisudzulo chikatuluka sabata imodzi mwambowo usanachitike, njira ya zaka 3 yatsekeka.

Tiyerekeze kuti pa khadi yanu palembedwa kuti "Resident Since 06/15/22", kutanthauza 15 Juni 2022, popeza ku America amayamba ndi mwezi. Banja likanakhala bwino, zaka 3 zikanakwana pa 15 Juni 2025. Latha, ndiye mukudikira 15 Juni 2027. Lamulo limalola kutumiza fomu masiku 90 tsikulo lisanafike, zomwe zikutifikitsa cha pa 17 Malichi 2027. Gwiritsani ntchito chowerengera masiku cha pa webusaiti ya USCIS, chifukwa kufulumira ndi tsiku limodzi lokha kukhoza kukanitsa pempho. Chosangalatsa n'chakuti zaka 2 za khadi yoyembekezera zija zimawerengedwa. Wotchi siyambiranso pa tsiku la chisudzulo kapena pa tsiku lolandira khadi ya zaka 10. Mwangotaya zaka 2 basi.

Kukwatiranso ndi nzika ina sikudzutsa pempho lakale. Zaka 3 ziyamba kuwerengedwa mwatsopano ndi mnzanu watsopanoyo, ndipo nthawi zambiri zaka 5 zanu zimakhala zitakwana kale zisanathe zimenezo. Kupatukana kolamulidwa ndi khoti nakonso kumadula njira yachidule. Kupatukana kwa inu nokha, wina kwake wina kwake, ofesala amakuunika payekhapayekha, koma ngati chifukwa chake ndi kusamvana, yembekezani kuti anena kuti simunali limodzi monga banja. Ngakhale imfa ya mnzanu imatseka njirayi, kupatula pa malamulo apadera a mabanja a asilikali. Okhawo amene analandira chilolezo kudzera pa VAWA kapena pa waiver ya nkhanza ndi amene amasunga ufulu wa zaka 3 ngakhale banja litatha.

Ngati N-400 munatumiza kale pa njira ya zaka 3 ndiye banja n'kutha, dziwitsani USCIS. Ngati pa tsiku lotumiza munali mutakwanitsa kale zofunika pa njira ya zaka 5, funsani loya za kusintha maziko a pempholo. Apo ayi, mudzatumizanso nthawi ikakwana, ndipo ndalama zoyamba zija sizibwezedwa.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena sagwirizana nawo msanga: ngati banja likugwedera, musathamangire njira ya zaka 3 poti mulumbire lisanagwe. Mudzafika pa intavyu mutagwira lilime, mukuyesa kufotokoza nyumba imene simugonamo. Bodza limodzi polumbira likhoza kukanitsa pempho, ndipo unzika wopezeka mwa bodza boma likhoza kuulanda ngakhale patapita zaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zaka 2 zowonjezera muli ndi green card, mukugwira ntchito, mukuyenda, si chilango chachikulu.

Pa zaka 5 zimenezo muyenera kukhala muli m'dziko la America miyezi yosachepera 30. Banja likatha mtima umafuna kwa makolo, koma ulendo wopitirira miyezi 6 umachititsa USCIS kuganiza kuti munadukiza kukhala kwanu, ndipo zimakhala kwa inu kutsutsa. Wa chaka chathunthu umadula ndithu. Komanso mukasamukira chigawo china, dikirani miyezi 3 musanatumize N-400.

Chachisanu ndi chimodzi: samalani mbiri ya khalidwe lanu

Wopempha unzika ayenera kuonetsa kuti ndi wa khalidwe labwino pa zaka zimene zikuwerengedwazo, ndipo ofesala ali ndi ufulu woyang'ana ngakhale kumbuyo kwake. Nyengo ya chisudzulo ndi imene imadetsa mbiri za anthu abwinobwino.

Ndalama zothandizira ana ndiye nkhani yoyamba. Kulephera dala kusamalira ana anu ndi chifukwa chokanira unzika, kaya anawo ali ku America kapena kunja, kaya khoti linalamula kapena ayi. Lipirani m'njira yosiya umboni, kudzera ku banki kapena ku ofesi ya chigawo yoona za ndalamazi. Ndalama ya pamanja yoperekedwa pa geti la sukulu sioneka pa fayilo. Ntchito ikatha, pitani ku khoti mukapemphe kuti achepetse, osangosiya kulipira. N'chimodzimodzi ndi ndalama zimene khoti lalamula kuti muzipatsa amene munasudzulana naye.

Msonkho ndi wachiwiri. IRS imayang'ana mmene zinthu zinalili pa 31 Disembala: ngati pa tsikulo chisudzulo chinali chisanatuluke ndipo khoti linali lisanakupatutseni mwalamulo, m'maso mwa boma munali pabanja chaka chonsecho, ndipo kudzaza ngati wosakwatira n'kulakwa. Pa zaka zimene munadzaza limodzi, ngongole ya msonkho ndi ya nonse, ngakhale amene anabisa ndalama atakhala winayo. Ngati pali ngongole, panganani ndi IRS za kulipira pang'onopang'ono ndipo musunge malisiti.

Chachitatu ndi apolisi. Kupezeka wolakwa pa mlandu wa nkhanza za m'banja, kapena kuphwanya lamulo la khoti lokuletsani kuyandikira munthu, kukhoza kukuchotsetsani m'dziko ngakhale muli ndi khadi ya zaka 10. Khoti likati musamuimbire foni, musamuimbire, ngakhale iyeyo atayamba kukulemberani. Ndipo musavomere mlandu uliwonse pofuna kuti muchoke msanga ku khoti musanalankhule ndi loya wodziwa za olowa m'dziko.

Pali kalamulo kena kamene ambiri sakadziwa: chibwenzi cha mseri chimene chinathandiza kupasula banja chikhoza kuwerengedwa ngati chilema pa khalidwe. Ngati mapepala a chisudzulo akutchula chigololo, loya wanu adziwiretu.

Chachisanu ndi chiwiri: zinthu zitatu zoti zisaiwalike pokambirana za chisudzulo

Loya wa mabanja ndi loya wa za olowa m'dziko ndi anthu awiri osiyana, ndipo woyambayo akhoza kukulemberani pangano labwino pa za nyumba ndi galimoto koma lokupwetekani ku USCIS. Safunsa anadya phula: onetsani panganolo kwa wachiwiriyo musanasaine. Ngati ndalama zavuta, pali mabungwe osachita phindu okhala ndi anthu ovomerezedwa ndi Department of Justice kuimira anthu pa nkhani zimenezi. Pewani odzitcha notario ndi ena ongodzaza mafomu, amene alibe chilolezo chopereka uphungu wa malamulo.

Nkhani yoyamba ndi fomu I-864, imene mnzanuyo anasaina polonjeza boma kuti adzakusamalirani kuti zopeza zanu zisatsike pansi pa 125 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limaika chaka ndi chaka. Fomuyo imanena poyera kuti chisudzulo sichithetsa lonjezoli, ndipo mukhoza kumusumira ngati sakulikwaniritsa. Limatha mukakhala nzika, mukakwanitsa magawo 40 a ntchito amene ndi pafupifupi zaka 10, mukasiya chilolezo n'kuchoka m'dzikomo, kapena mmodzi wa inu akamwalira. Onani mmene zimakhalira: amene ankakuopsezani kuti akubwezani kwanu, unzika wanu ndi umene umamumasula.

Yachiwiri ndi ana amene sanabadwire ku America. Mwa lamulo la Child Citizenship Act la mu 2000, mwana wosakwana zaka 18, wokhala ndi green card, amakhala nzika yekha pamene kholo lake lakhala nzika, bola akhale akukhala ndi kholo limenelo ndipo khololo likhale ndi ufulu womulera mwalamulo. Choncho mawu a khoti onena za amene akulera mwana ali ndi ntchito kuposa kugawana masiku a tchuthi. Ngati mwana wanu ali ndi zaka 15 ndipo chisudzulo chakankhira unzika wanu kutsogolo ndi zaka 2, werengani bwino ngati mudzalumbire iye asanakwanitse 18. Akapitirira, adzadzipemphera yekha. Ana amene analandira khadi ya zaka 2 limodzi nanu nawonso ayenera kulembedwa pa I-751 yanu kapena kutumiza yawo.

Yachitatu ndi dzina. Ngati mukufuna kubwerera ku dzina lanu lakale, pemphani kuti zilembedwe m'chikalata cha chisudzulo. N'zothekanso kusintha dzina kudzera pa N-400, koma pokhapokha mwambo wolumbira ukachitikira pamaso pa woweruza.

Amene mtima wagwanso m'chikondi ndi munthu wakunja adziwe ichi: wokhala ndi green card yochokera mu ukwati akafuna kupemphera mwamuna kapena mkazi watsopano pasanathe zaka 5 chilandirireni khadiyo, ayenera kubweretsa umboni wamphamvu kwambiri wakuti ukwati woyamba unali weniweni.

Chomaliza: N-400, intavyu ndi tsiku lolumbira

Musanadzaze fomu, pemphani kope la fayilo yanu yonse ku USCIS pa intaneti, kudzera pa lamulo la FOIA, lopatsa anthu ufulu wopempha zolemba za boma. Zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Mudzaona zimene munalemba kale pa I-485 ndi I-751: maadiresi, masiku, ntchito. Zimene mulembe pa N-400 zigwirizane nazo, ndipo pamene munalakwitsa kale, konzani poyera ndi kufotokoza. Ngati munalemba kale kuti munasiyana nyumba mu Okutobala koma tsopano mukuti mu Malichi, ofesala adzaima pamenepo.

Malipiro a N-400 kuyambira mu Epulo 2024 anali madola 710 potumiza pa intaneti ndi 760 potumiza papepala, ndipo opeza zochepa akhoza kupempha kuchepetseredwa kapena kukhululukidwa.

Musaganize kuti poti mwadutsa pa njira ya zaka 5 ndiye za ukwati sizidzafunsidwa. Lamulo limati munthu sangakhale nzika ngati green card yake sanaipeze mwachilungamo, choncho ofesala ali ndi ufulu wobwerera ku chiyambi, makamaka ngati banja linatha patangopita miyezi yochepa khadi ya zaka 10 itafika, kapena ngati mwana anabadwa kunja kwa banjalo. Mwina mnzanu wakale analembera USCIS kalata yokunenezani. Kalata yotere payokha si chigamulo, koma imabweretsa mafunso, ndipo yankho lake ndi mulu wa mapepala munasonkhanitsa uja. Pitani nawo, pamodzi ndi kope la chikalata cha chisudzulo lokhala ndi chidindo cha khoti, zikalata zothetsa maukwati ena onse akale, anu ndi a mnzanu wapano ngati munakwatiranso, mbiri ya msonkho ya zaka 5, ndi umboni wa ndalama za ana. Chikalata chilichonse cha m'chinenero china chikhale ndi kumasulira kwa Chingelezi kotsimikiziridwa ndi womasulirayo.

Akafunsa kuti banja linatha bwanji, yankhani mwachidule ndi moona. "Tinkakangana za ndalama, tinapita kwa mlangizi kanayi, iye anachoka mu Ogasiti." Zakwana. Tsiku limene mwaiwala nenani kuti mwaiwala, osapeka. Pempho likakanidwa, muli ndi masiku 30 otumiza fomu N-336 kuti ofesala wina aunikenso.

Mukapambana, mumalandira fomu N-445 yokuitanani ku mwambo wolumbira. Pa fomuyo pali mafunso okhudza zimene zachitika kuchokera pa tsiku la intavyu, ndipo limodzi likufunsa ngati mwakwatira, mwafedwa, mwapatukana kapena mwasudzulana. Kwa amene anadzera njira ya zaka 3, "inde" pamenepo amaimitsa mwambo. Kwa inu amene munadikira zaka 5, ngati chisudzulo chatuluka m'masabata amenewo, mumachonga "inde" n'kuonetsa chikalata cha khoti pa tebulo lolembetsera. Pa tebulo lomwelo mumapereka green card, ndipo mukalumbira amakupatsani satifiketi ya unzika. Musanatuluke m'holomo, onani ngati dzina, tsiku lobadwa ndi pamene palembedwa za ukwati zili zolondola, chifukwa kukonzetsa pomwepo n'kosavuta kusiyana ndi kudzatumiza fomu N-565 pambuyo pake.